Elifala Adzutsa Nyumba M'fumbi

Lezina analota masana, dzuwa lili paliwombo, tsaya lili pa tebulo la kompyuta. Musamuseke. Kutentha kwa mu Okutobala pa Mitundu kumagoneka ndi ogulitsa nyama omwe, nanga mtsikana amene watha masiku atatu akuchotsa mchimwene wake m'kanema akanalimba bwanji?

Ntchito yake inali yojambula ndi kukonza makanema a maukwati, zinkhoswe ndi maliro, m'kachipinda ka lendi kuseri kwa chigayo. Dzanja lake linali labwino, zimenezo palibe ankatsutsa. Koma chimene anthu ankamukondera kwambiri kanali kamasewera kena. Pa pulogalamu yake yokonzera makanema panali batani lobweza zinthu m'mbuyo, ndipo akalidina, keke inkatuluka m'kamwa mwa mkwatibwi n'kubwerera pa mbale ili yathunthu, operekeza ukwati n'kumavina chafutambuyo mpaka kukalowa m'galimoto. Akuchimuna ndi akuchikazi ankaseka mpaka kugwira nthiti.

Kanema wa sabata imeneyi sanali woseketsa ayi. Anali wa maliro a mayi ake, a Nankhoma, amene anamwalira chaka chatha kumudzi. Loweruka likudzalo kunali mwambo wa chiliza, ndipo amalume anapempha kuti kanemayo akaonetsedwe pa nsalu yoyera abale onse atasonkhana. Lezina anavomera, koma mumtima anali ndi zake. Ankafuna kuti pa nsalupo pasakaoneke Elifala, mchimwene wake, ngakhale chigongono chokha, kuti mudzi wonse ukaone kuti iye mlongo alibedi.

Nkhani yake inali iyi. Kwawoko, anthu akatha kumeta, nyumba ya womwalira amaigwetsa kuti mzimu usamabwerere kudzafuna pogona. Lezina anachonderera kuti ya mayi ake aisiye. Pakhoma, pafupi ndi chitseko, panali chikhatho chake chimene anadinda dothi lili lonyowa, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo a Nankhoma chaka ndi chaka pozira ankachilambalala osachikhudza. Akuluakulu anati mwambo ndi mwambo, pasatsale kanthu. Amene anayamba kukola udzu wa denga ndi khasu n'kukoka anali Elifala, mwini wake amene anaimanga nyumbayo. Pamenepo Lezina anakuwa anthu onse akumva, kamera yake ikujambula: "Kuyambira lero ndilibe mlongo!" Anathawa pabwalopo osacheuka, ndipo mawu akewo anawasungadi. Nambala ya Elifala anaibuloka. Mchimwene wakeyo anapalasa njinga kawiri konse kuchokera kumudzi, katoni yomanga ndi linya ili pakaliyala, koma Lezina ankangomuonera pazenera n'kukhoma chitseko. Poyesa kuti m'katonimo muli mtedza, ankati mtedza wakewo akadyetse nkhuku.

Ndiye masana amenewo anali atatopa nako kudula. Elifala anali paliponse: kumanda ali m'dzenje, pa bokosi ali kutsogolo, pa nkhuni ali pomwepo. Ukamudula apa, mwendo unkatsala apo. Atafika pa gawo logwetsa nyumba, limene sankatha kuliyang'anitsitsa, chala chinaterereka n'kudina batani lija lobweza m'mbuyo. Sanakonze. Anangoti aike kaye mutu pansi pang'ono.

Anapezeka ataima pabwalo la kwawo, alibe nsapato. Dzuwa linali kumadzulo koma likukwera. Pamene panali nyumba panali mulu wa dothi, mitengo ndi udzu. Pakati pa bwalo panaima nsungwi yofiira, yaitali mpaka kumitambo, ikuyenda yokha pang'onopang'ono kulowera kumanzere, ndipo Lezina anaizindikira msanga. Kanali kamzere kofiira kaja kamene kamayenda pa kompyuta kusonyeza pamene kanema wafika. Nsungwiyo ikamayenda, chilichonse chinkabwerera kumene chinachokera. Nkhuku inali kuika chimanga pansi ndi mlomo, njere imodziimodzi. Utsi unkatsika kumwamba n'kulowa m'moto, moto n'kumatulutsa nkhuni zouma bwino zimene mayi wina ankazitenga kukaziunjika pambali. Azakhali awo anali atakhala pamphasa, misozi ikukwera m'masaya n'kumalowa m'maso.

Kenaka amuna anatuluka pansi pa mtengo wa mango akuyenda chafutambuyo, palibe ndi mmodzi yemwe wopunthwa. Elifala anali pakati pawo, malaya atanyowa ndi thukuta. Khasu linadzuka pansi n'kulowa m'manja mwake. Anaima pambali pa mulu uja, n'kulitukula.

Fumbi ndilo linayamba kubwera. Linachoka pa masamba a mango, pa mipango ya amayi, m'mphuno za ana, ngakhale limene mphepo inapita nalo kudambo linabwerako, lonse n'kusonkhana pa mulupo mwaulemu. Zibuma zinayamba kugubuduka, chilichonse kufunafuna chinzake. Zikapezana zinkalumikizana popanda mng'alu, n'kudumpha kukakumana ndi khasu la Elifala m'malere, ndipo iye ankangozikhudza kamodzi, khoma n'kukula. Akachotsa khasu, bala la pakhoma linkapola pomwepo.

Koma abale, munthu uja ankamanga! Sankayeza ndi chingwe, sankafunsa munthu, koma ngodya zinkatuluka zowongoka ngati wachita kuzisema. Amuna enawo ankangothandizira, mwini ntchito anali iye. Akaponda apa, khoma la kum'mawa laima. Akatembenuka, zenera lija laling'ono limene a Nankhoma ankatsekapo ndi chisaka labwerera m'malo mwake, chisakacho chili pomwepo. Ndipo m'malo moti atope, ankangolimbiralimbira. Thukuta linkabwerera m'thupi, malaya ankauma, msana unkawongoka. Lezina ankafuna kuyang'ana kumbali kuti asamusirire, koma maso anakana. Anamva kukoma mumtima, kukoma kwenikweni, ndipo anachita nako manyazi.

Apa anakumbukira kuti izi anaziwonapo kale. Chaka chimene mvula inagwetsa nyumba yawo yakale, bambo awo atapita ku Joni osabweranso, Elifala anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zokha. Anakumba dothi yekha, kuponda yekha, kudinda makoma yekha, anthu akuti mwana ameneyu akuseweretsa matope. Lezina ankamutungira madzi m'kachitini. Kapindidwe ka msana kanali komweka, ngakhale kamluzu kamene ankaimba pogwira ntchito kanali komweka, kungoti tsopano kankalowa m'kamwa m'malo motuluka.

Khoma la kumaso litakwera, Lezina anathamangira pafupi ndi khomo kuti akaone chikhatho chake. Sichinalipo. Panali bowo la ngodya zinayi, lodulidwa bwinobwino, loti mutu wa mwana n'kulowa. Zonse zinali zitabwerera, ngakhale chisa cha mavu cha pansi pa zenera, koma chikhatho chokha ayi. Mtima wake unauma kachiwiri.

"Zikomo mayi, ndidutseko," anatero mawu kumbuyo kwake.

Chinali chitseko cha nyumbayo, chija cha matabwa atatu, chikubwera chokha kuchokera kumene anachitaya, chikuyenda ndi ngodya zake. Lezina anapatuka. Chitseko sichinalowe pakhomo. Chinakatsamira khoma, ndendende pa bowo lija, n'kulibisa.

"Pamenepo si pamalo panu," anatero Lezina.

"Ndikudziwa. Ndinaimikidwa pano m'mawa, ndipo ndinauzidwa kuti ndisanene kanthu."

Anachifunsa kuti anachiimika ndani, koma chitseko chinangopepesa.

Ntchito inapitirira. Mzati unadzuka n'kuima pakati. Phaso linakwera limodzilimodzi, ndipo pamene mpeni wa Elifala wadutsa, luzi loduka linkalumikizana n'kudzimanga lokha. Udzu unkanyamuka pansi mitolomitolo n'kukagona padenga mmene unagonera zaka zonse, wakuda pamwamba, woyera mkati. Buluzi amene anathawira m'thengo anabwerera chafutambuyo n'kukalowa m'dengamo. Lezina anayamba kuwomba m'manja osadziwa.

Panatsala mtolo umodzi. Unanyamuka pansi, unafika pa msinkhu wa munthu, n'kuima m'malere. Nsungwi yofiira ija inalira ngati ikufuna kuthyoka, nayonso n'kuima. Nkhuku inaima mwendo umodzi uli m'mwamba. Elifala anauma chotukula manja, khasu lili pamwamba pa mutu, nkhope itatembenukira kumene kunali Lezina. Pabwalo ponse panali zii.

Ndiye m'makutu mwa anthu munayamba kutuluka timoto. Tinatuluka mwa azakhali, mwa amalume, mwa amuna ogwetsa nyumba, mwa ana amene anali pa mpanda, n'kumasonkhana pakati pa bwalo. Tambiri tinatuluka pachifuwa pa Elifala, ndipo tinkatuluka movutikira chifukwa tinali titalowa kwambiri. Tonse tinaumbana n'kukhala makala anayi oyaka. Makalawo anabwera pamzere n'kudzaima patsogolo pa kamwa la Lezina. Palibe anamuuza, koma anadziwa kuti ndi mawu ake anayi aja, akufuna kubwerera kwawo. Anatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

"Lezina, yasamula."

A Nankhoma anali atagwada pakhonde la nyumba yawo, beseni la dothi lakuda lili pambali, akuzira. Anavala chitenje chawo cha masiku onse, osati nsalu imene anawaika nayo. Sanatukule mutu.

"Amayi, akuwotcha," anatero Lezina kudzera m'zala.

"Anatuluka akuwotcha. Unkayesa abwerera atazizira?"

Lezina anayamba kudandaula zonse zimene anasunga chaka chathunthu. Anati munthu ameneyu anagwetsa nyumba yanu, anati akanatha kukana, akanatha kusiyira ena khasulo, anati chikhatho changa chimene inu munkachisamala iye anachiponda ngati ndowe. A Nankhoma anamvetsera akuzirabe, dzanja likuzungulira bwinobwino mmene linkachitira kale. Lezina atamaliza, mayi akewo anamuyankha kuti Elifala anatenga khasu yekha chifukwa sanafune kuti nyumba imene anaimanga igwetsedwe ndi anthu osaidziwa, oyamba ndi mzati denga likadali pamwamba.

"Nyumbayi ine sindikuifuna, kumene ndiliko sikudontha," anatero. "Koma taona mwana wanga. Waima chotukula manja chaka chathunthu. Yasamula atsitse."

Lezina anamuyang'ana mchimwene wake. Pankhope panalibe ukali umene iye ankaukumbukira, panali mantha a munthu amene wangomva chinthu chimene sankachiyembekezera. Anamumvera chisoni. Anachotsa manja pakamwa n'kuyasamula.

Makala analowa kuyambira lomaliza. Loyamba kulowa linali lofunda chabe, ndipo linakoma ngati mbatata yootcha. Lachiwiri ndilo linali loopsa. Linamuwotcha lilime, linamuwotcha pakhosi, linatsika pang'onopang'ono likukanda, misozi n'kutuluka, ndipo misozi yake yokha ndiyo inkatsika pansi pabwalo lonselo. Awiri otsalawo anangotsatira. Atameza lomaliza, nsungwi inayambanso kuyenda. Mtolo uja unakwera n'kukagona pamalo pake, khasu linatsika, ndipo Elifala anapuma mpweya waukulu. Nyumba ya a Nankhoma inaima yathunthu, yokongola kuposa mmene Lezina ankaikumbukirira.

Dzuwa linadutsa paliwombo n'kuyamba kutsikira kum'mawa. Anthu anabalalika chafutambuyo kupita kuseri kwa khola kumene kunali kumeta, ndipo kumeneko lumo linkadutsa pa mitu ya mpala, tsitsi n'kumanyamuka pansi kubwerera kwa eni ake, la imvi kwa a imvi, lakuda kwa achinyamata, popanda kusokoneza. Pabwalo panatsala kamera yokha, itaima pa miyendo yake itatu. Lezina anakumbukira kuti m'mawa umenewo anaitchera n'kuisiya ikujambula, iye n'kupita kukametedwa. Gawo limenelo pa kompyuta ankangolidumpha, poti munali chiyani? Nyumba ndi nkhuku basi.

Elifala anatulukira kuseri kwa nkhokwe, ali yekha, alibe malaya. Malayawo anali m'manja, atakulungamo kanthu, ndipo anakanyamula mmene amanyamulira mwana wakhanda. Anaika pansi, anayang'ana uku ndi uku, ananyamula chitseko n'kukachikoleka pakhomo pake. Kenaka anagwada pa bowo lija n'kumasula malaya. Munali chibuma cha ngodya zinayi, ndipo pa chibumapo panali chikhatho cha mwana, zala zonse zisanu.

Anachilowetsa m'bowomo ndi manja awiri. Anatulutsa mpeni wake wosemera mipini n'kuyamba kuuyendetsa m'mbali mwa chibumacho, ndipo pamene mpeni wadutsa, dothi linkakwera kuchokera pansi n'kutseka mpata. Sanafulumire, ngakhale ankacheuka kawirikawiri kuopa akuluakulu. Dothi louma la zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, loti ukangolakwitsa pang'ono lanyenyeka, iye ankaligwira ngati dzira. Lezina anali atajambulapo amisiri ambiri, koma manja osamala chonchi anali asanawaonepo. Anagwada pambali pake n'kumangoyang'ana.

Mpeni utamaliza kuzungulira, khoma linali lathunthu. Elifala anaika dzanja lake lalikulu pamwamba pa kachikhathoko, n'kukhala choncho nthawi yaitali. Madontho ankanyamuka m'fumbi n'kumakwera kukalowa m'maso mwake.

Pamenepo chitseko chinatseguka chokha. Mkati munalibe chipinda. Munali m'mawa wina wakalekale, makoma akadali onyowa, fungo la matope lili ponseponse, ndipo kamtsikana kena kanali kubwera ndi kachitini ka madzi pamutu.

"Tsopano ndingathe kulankhula," chinatero chitseko. "Mukalowa, nsungwi ipitirira ulendo wake. Mayi anu adzuka pa mphasa, matenda awachokera, inu muyamba kuchepa, mpaka chikhatho chichoka pakhoma n'kubwerera m'dzanja lanu. Lowani ngati mukufuna."

Ankafuna, ndipo ankafunitsitsa. Phazi limodzi linali litaponda kale pakhomo, dothi lozizira likulowa m'zala. Koma a Nankhoma anatambasula dzanja lawo lamatope n'kumugwira pa akakolo.

"Wapondapo pozira, iwe. Bwerera. Loweruka lili uko, kumbuyo kwako."

"Nanga inu amayi?"

"Ine ndili pa ntchito, sukuona?"

Lezina anabweza phazi. Anapita pa nsungwi yofiira ija, anaigwira ndi manja awiri, n'kuikankhira kumanja ndi mphamvu zake zonse. Inali yolemera kwambiri. Itangosuntha, dzuwa linagwedezeka, ndipo kutali kunamveka chigayo chikulira.

Chinalidi chigayo cha kuseri kwa khoma. Lezina anadzutsa mutu, tsaya litadindika mabatani, pakhosi pakuwawa ngati wameza phala lamoto. Pa kompyuta kanema anali atabwerera mpaka poyambira n'kuima. Anachotsa zobweza m'mbuyo zija, n'kumuyendetsa bwinobwino kupita kutsogolo, osadumpha kanthu. Kwa kanthawi munali nyumba ndi nkhuku. Kenaka kumbali kwa chithunzi kunatulukira munthu akuyenda monyang'ama, anagwada pafupi ndi chitseko, anaika dzanja pakhoma, mapewa akugwedezeka, kenaka n'kutulutsa mpeni.

Anaonera mpaka pamene munthuyo anavula malaya. Ndiye anatenga foni, anachotsa buloko, n'kuimba. Inaitana kamodzi kokha.

"Lezina? Kwagwanji?"

"Achimwene," anatero. "Katoni ija ilipo?"

Chapatali kunamveka mbuzi. Kenaka Elifala anati ilipo, ili pansi pa bedi, amalume sakudziwa. Anayamba kupepesa. Anati ulendo wachiwiri uja, pobwerera, njinga inagwera m'dzenje pa mlatho wa matabwa, ndipo kachala kakang'ono ka pa chikhatho chija kanathyoka. Anayesa kukamata ndi dothi la kudambo koma sikanagwire bwino, mwina manja ake ayamba kukalamba.

Lezina anayang'ana pa kompyuta. Zidutswa zonse zimene anadula masiku atatu zinali pambali, chigongono apa, mwendo apo, msana uli m'dzenje la manda. Anayamba kuzibwezera m'malo mwake chimodzichimodzi, foni ili pakhutu.

"Musakataye kachalako," anatero. "Ndifika Lachisanu. Madzi ndidzatunga ndine."